A Manjawiri ndi Pakamwa Panga

Achimwene anga ndi telala. Sabata yonse amakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, mapini ali kukamwa, akupalasa makina. Koma Loweruka la mpikisano ankavala zoyera kuyambira chipewa mpaka nsapato, n'kukaima kumapeto kwa dziwe losambiramo, kuyang'anira mmene ana akutembenukira pakhoma. Anayamba ndi kusoka mayunifolomu a oweruza. Kenako anawagwiritsa wotchi yowerengera nthawi ya osambira, mapeto ake analemba mayeso n'kukhoza. Anaweruza zaka khumi ndi zinayi.

Ana ankawatcha a Manjawiri. Pa kasambiridwe ka chule, lamulo limati ukafika pakhoma ugunde ndi manja onse awiri nthawi imodzi. Ukagunda ndi limodzi, woweruza amakweza dzanja n'kulemba kapepala, ndipo ngakhale utsogole chotani, dzina lako limafufutidwa. Achimwene sankaphethira.

Panali chinsinsi chimene tinkachidziwa apabanja okha: munthuyu satha kusambira. Madzi akangofika m'mawondo amayamba kuitana malemu amayi. Ankaopa kuti ana akadziwa, dzanja lawo lidzasanduka choseketsa.

Loweruka lina mwana wanga wamkazi ankalimbirana malo opita ku mpikisano waukulu. Woweruza wina sanabwere, ndiye achimwene anawapatsa mizere itatu yosambiramo kuti ayang'anire, umodzi wa mwana wangayo. Mwana anatsogola bwinobwino. Ine ndili kalikiliki kulumpha ndi kukuwa, ndinangoona dzanja la achimwene lili m'mwamba.

Mayo ine, pakamwa pangapa! Ndinatsika pamabenchi ngati ndalumidwa ndi mavu.

"Achimwene, mutu ukuyenda bwino? Magazi anu omwe?"

"Mlongo, khala pansi. Tikakambirana kunyumba," anatero motsitsa mawu.

"Tikakambirane chiyani? Munthu woopa madzi a m'bafa n'kumaweruza osambira! Talowanimo tione! Mwendo umodzi wokha!"

 Phwete linayambira kumabenchi a makolo n'kufalikira kwa ana amene ankadikira kulowa m'madzi. Achimwene anamaliza kulemba kapepala kaja, anakapereka kwa woweruza wamkulu, n'kubwerera pamalo pawo. Anaima pomwepo mpaka mpikisano womaliza, ana akungowakuwiza kuti, "Talowanimo tione!"

Mu minibasi yobwerera ndinkatokotabe, mwana atafunda thaulo kumutu. Titayandikira kutsika ndi pamene anayankhula.

"Amayi, ndinagunda ndi dzanja limodzi. Ndinadziwa ndisanatuluke n'komwe m'madzi. Amalume ndi amene anandiphunzitsa manja awiri pakhoma la kukhitchini kwathu. Ndiye mumafuna atani?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Manyazi amenewo sanandichoke mpaka lero, ndipo mpamake.

Sabata yonse ndinkalambalala msewu wa kusitolo kuja. Loweruka lotsatira kunali mpikisano wina, ndiye ndinalawira kuti ndiwapeze asananyamuke, ndiwapepese, tipitire limodzi kudziwe. Mawu ndinali nditawakonza kale.

Ndinawapeza atakhala pamakina, atavala malaya awo a masiku onse. Pathebulo panali thalauza loyera lija, atalimasula msoko wonse, sizasi ikudutsa pakati pa mwendo.

"Achimwene, mukutani kodi? Kudziwe simupita?"

Sanadzutse mutu. Anachotsa pini kukamwa n'kuibaya pansalu.

"Nsaluyi ndi yolimba, mlongo. Ikhala bwino matumba a mathalauza a anthu."