Bolodi la a Mtonga

Kuseri kwa msika wa Lundazi, pafupi ndi pomwe ndinkagulitsira kapenta, panali mthunzi wa a Whiteson Mtonga, okonza njinga. Pomata chubu ndiye panalibe wofanana nawo, koma chinawatchukitsa ndi bolodi lakuda lomwe anakhomera pamtengo wa mango. Choko ankamangirira kuchingwe, ndipo aliyense ankalembapo zakukhosi. Wina ankadandaula za feteleza wochedwa, wina n'kumuyankha pansi pake, winanso n'kunyoza onse awiri. Madzulo a Mtonga ankakopera zonsezo m'kope, kenako n'kufufuta.

Pamwamba pa bolodi panali pawo. M'mawa uliwonse ankalembapo kamwambi, pansi n'kusaina W. Mtonga. Ndimakumbukirabe kena kakuti, "Nshawa zokumba mwaulesi zimanenepetsa mbewa." Anthu akayamikira, mkuluyo ankangopukuta manja pa ovolosi, nkhope ili ngwee. Ndinkawakonda, koma kutamandidwa ankakumva kukoma ngati mwana.

Mu 1994 a Beatrice Lungu, mphunzitsi wochokera ku Chipata, anawerenga makope aja n'kupempha kuti asankhemo zina, azitayipe, apange kabuku koti ana a sukulu aziwerenga. A Mtonga anavomera, koma anati mawu ali ndi eni ake. "Anthu analemba podziwa kuti madzulo nizafuta," anatero. "Pepala silifutika. Safunsa anadya phula."

Anatseka ntchito masiku angapo n'kuyamba kupalasa njinga m'midzi, kope lili pakaliyala. Mlimi wina wa fodya analola, bola dzina lake lilembedwe ndi zilembo zazikulu. Mayi wina amene anadandaula za apongozi ake anakana kwamtuwagalu, ndipo a Mtonga anadula mzere pomwepo iye akuona. Ena sanapezeke, mawu awo anatsala. A Lungu anatopa nazo, ine ndinkangoseka.

Tsiku lina aphunzitsiwo anabwera ndi nkhani yabwino. Miyambi ya m'mawa ija ndiyo inawasangalatsa koposa, choncho idzakhala kumayambiriro, dzina la a Mtonga pachikuto. "Apa palibe kofunsa, mwini wake ndimwe," anatero.

A Mtonga anakhala akuzungulitsa gudumu lomwe anali atamaliza kale kukonza. Aphunzitsi atapita, mkuluyo anandiuza motsitsa mawu kuti miyambi ija sinali yawo. Inali ya akazi awo, NyaZimba, omwe sanapiteko kusukulu. Mayiyo ankangoiyankhula potongola chimanga kapena pokalipira nkhuku, ndipo bambo ankaitola n'kubwera nayo kumsika. Zinatero zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu wopalasa njinga mpaka kumalire a nkhalango ya Lukusuzi kukapempha mizere iwiri anali asanafunsepo munthu wogona naye nyumba imodzi.

Ndinawamvera chisoni, pakuti ndinadziwa chomwe ankaopa. Kabuku kakatuluka ndi dzina lina, msika wonse udzadziwa kuti nzeru za a Mtonga zinali zobwereka. Akanangokhala chete, palibe akanadziwa, chifukwa NyaZimba sakanawerenga chikutocho.

Mawa lake masana NyaZimba anabweretsa chimanga chowotcha monga mwa masiku onse. A Mtonga anawapatsa mpando wa makasitomala, iwo n'kukhala pa thayala.

"NyaZimba, nili na pempho. Mawu yamene nilemba apa ni yanu. Aticha afuna kuyaika m'buku. Muvomela?"

Mayiyo anayang'ana bolodi nthawi yaitali. "A Mtonga, muganiza sininali kudziwa? Azimai kuchigayo amaniuza nzelu za amuna anga, ine nimvela mawu yanga."

"Nanga simunakambe bwanji?"

"Ninali kuyembekeza kuti munifunse."

Analola, koma anati dzina likhale lawo, ndipo awaonetse mmene limaonekera. A Mtonga anatenga choko n'kulemba NyaZimba pamwamba pa bolodi, anthu akudutsa, ena akuima. Madzulo ake sanafufute pamenepo.

Kabuku kanatuluka mvula itayamba, masamba khumi ndi awiri, inki yake yothimbirira m'manja. Anyamata a minibasi anawaseka a Mtonga kwa mwezi wathunthu, akumawafunsa ngati nzeru za lero adutsa nazo kwa madamu. Iwo ankayankha kuti inde, adutsa nazo.

M'mawa wina ndikuyala kapenta wanga ndinaona kamwambi katsopano pabolodi, kolembedwa bwino ndi dzanja la a Mtonga. Dzina la pansi pake linali lopindikapindika, Z atayang'ana kumbuyo. NyaZimba anali ataima pambali, akupukuta choko pachitenje, ndipo amuna awo sanakonze chilembo chija.