Chaka Chimene Amayi Analowa M'nyanja

Bambo anga ankalowa m'nyanja atavala shati ya manja aatali, mabatani onse ali otseka mpaka pakhosi, buluku atalipinda bwinobwino kulekeza m'mawondo monga ankapindira nsalu za makasitomala awo. Ankayenda pang'onopang'ono mpaka madzi atabisa mapazi ndi akakolo, n'kuima pomwepo, manja ali m'chiuno, maso ali pa kachilumba kamene kamaoneka patsogolo pa Senga Bay. Kusambira sankadziwa. Anabadwira ku Chitala, kumtunda kwa chimanga, ndipo madzi ochuluka amene anakula nawo anali a mu ndowa. Komabe chaka chilichonse Okutobala akafika, dzuwa litayamba kuswa mtengo mpaka malata kumalira okha masana, ankavundikira makina awo osokera pakhonde la sitolo ya pamsika, n'kubwera kunyumba kudzalengeza kuti Loweruka likubwerali banja lonse likupita kukaona nyanja.

Ana tinalipo atatu: achimwene anga a Yamikani, ine mtsikana wapakati, ndi mng'ono wanga Tadala. Tikangomva mawu amenewo tinkalumphalumpha mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Amayi okha ndiwo sankalumpha nawo. Kwa iwo ulendowo unkayamba Lachinayi, pamene ankatereka phala la thobwa n'kuthiramo chimera. Lachisanu linali la kusankha mpunga, kuphika chigumu cha nthochi, kuchapa zovala zathu ndi kufunafuna chivindikiro cha chigubu chimene chinkasowa chaka chilichonse. Loweruka tinkadzutsidwa ndi fungo la anyezi wokazinga ndi utsi wa nkhuni, iwo ali kalikiliki kuwiritsa mazira ndi kumanga miphika m'chitenje kuti isatayikire m'njira. Tikayamba kulimbirana kuti anyamule dengu ndani, ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Walira mvula walira matope."

Matopewo analipodi. Kuchoka ku Chitala kufika ku Salima tinkakwera matola, titapanikizana pamwamba pa matumba a chimanga, nthawi zina mbuzi yomangidwa miyendo ikutipumira kumsana. Tadala ankasanza tisanafike ndi pa tala pomwe. Tikatsika minibasi ya ku Senga Bay tinkayenda mtunda ndithu, ndipo mchenga unkatentha ngati chiwaya moti tinkathamanga modumphadumpha kuchoka pa mthunzi wina kupita pa wina. Mchenga womwewo unkalowa mu mpunga ngakhale amayi atavundikira chotani, n'kumalira gelegede m'mano. Chaka china nyani anatsika mu mtengo n'kutenga theka la chigumu ife tikuona. Koma panalinso madzi aja, ofunda pamwamba, ozizira kumapazi, oyera mpaka kumaona tinsomba tikukujompha zala. Panali fungo la usipa woyanikidwa pa thandala, losakanikirana ndi la sopo wa azimayi ochapa m'mphepete. Panali ana a asodzi amene ankatibwereka chubu cha galimoto n'kumatiseka tikamaphupha ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Tinkamanga nyumba za mchenga zokhala ndi khola ndi nkhokwe, tinkasewera fulaye mpira utanyowa ukuwawa ngati mwala, ndipo tinkatuluka m'madzi maso ali psuu, khungu lili mbuu.

Nthawi yonseyo amayi ankakhala pansi pa mtengo, miyendo atatambasula, dengu lili pambali, kamtengo kopirikitsira anyani kali m'manja. Madzi sankawakhudza ngakhale ndi chala. Ankawaopa, ndipo sankabisa. Ntchito yawo inali kuwerenga mitu yathu, ndipo mutu umodzi ukangopitirira pamene iwo anaika malire m'maganizo mwawo, mawu awo ankamveka gombe lonse. Pobwerera tonse tinkakhala titatopa, tikukangana za ziii, misana ikuyabwa, Tadala ali mtulo pamiyendo pawo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anga anabadwa osadziwa kusangalala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimene ndinali Sitandade 6, m'nyengo yokolola, bambo anagwa pa mpando wawo akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Anakhala masabata angapo kuchipatala cha ku boma, ndipo pobwera anali munthu wina. Mwendo ndi mkono wakumanzere zinali zitafa, kamwa litapotokera mbali imodzi, mawu akutuluka molemera ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kuchipatala anawauza kuti azidzikakamiza kuyenda ndi ndodo tsiku lililonse. Anayesa kawiri, kachiwiriko anagwa pamaso pa mayi wina amene anabwera kudzatenga diresi yake yosatha kusokedwa, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndodoyo anaiponya kuseri kwa chitseko. Pakhonde anakana kukhalapo, chifukwa aliyense wodutsa ankapereka moni kwa a telala, ndipo iwo sankafuna kuti anthu amve mmene ankayankhira. Ankagona kuchipinda atayang'ana kukhoma. Amayi ankawasambitsa, kuwathira mafuta mwendo uja n'kumausisita m'mawa ndi madzulo, kuwadyetsa phala limene nthawi zambiri linkabwerera theka. Chisanu chonse chinadutsa choncho. M'nyumba yathu, imene kale munkamveka wailesi ndi kuimba kwa bambo kosalongosoka, tinaphunzira kuyenda monyang'ama ndi kulankhula monong'ona. Ngakhale ine mwana ndinkaona kuti chimene chinkawadya bambo sichinali mwendo wokha.

Okutobala atafika palibe amene anatchula za nyanja. Ndiye tsiku lina Lachinayi ndikuchokera kusukulu ndinapeza amayi akutakasa phala la thobwa mu mphika waukulu uja. Sindinafunse. Lachisanu madzulo, atatha kuwapukuta bambo m'manja, amayi anangonena ali chiimire pakhomo la kuchipinda kuti mawa tonse tikupita ku Senga Bay. Bambo anayankha movutikira, akuwatchula amayi ndi dzina la mfunda wawo monga ankachitira nthawi zonse.

"Nabanda, mukufuna anthu akandiseke?"

"Akaseka akatopa," anatero amayi. "Zaka zonsezi mwakhala mukundikoka ine, bambo a Yamikani. Mawa ndikukokani ndine."

Pa maulendo onse amene tinayenda, umenewu ndiwo unali wowawitsitsa. Dalaivala wa matola anawachitira chifundo bambo n'kuwaika kutsogolo, koma kuwakweza ndi kuwatsitsa kunali ntchito ya anthu atatu, anthu ena onse atatong'ola maso. Kuchoka pamsewu kufika kugombe achimwene, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anawabereka kumsana. Linali tsiku la anthu ambiri, magalimoto ochokera ku Lilongwe atandandalika, nyimbo zikugunda, achinyamata akujambulana. Tikudutsa, mayi wina wovala magalasi akuda ananena mokweza kwa mnzake kuti munthu wodwala chonchi malo ake ndi kunyumba. Achimwene anangofulumiza kuyenda. Bambo anakokera chipewa chawo kumaso ndi dzanja labwino lija.

Tinawakhazika pa mphasa pansi pa mtengo, atatsamira tsinde. Anatseka maso. Amayi atawapatsa thobwa, linadontha kumbali ya kamwa n'kudetsa shati yawo yoyera, ndipo bambo anakankha kapuyo mwaukali. Ife ana tinasowa chochita. Tinapita m'madzi koma kusewera kunakanika, tinkangoima n'kumacheukira kumtengo kuja. Ndikukumbukira kuti m'mawa umenewo ndinawakwiyira amayi mumtima. Ndinkaona kuti atenga manyazi a bambo, amene anawabisa bwino miyezi isanu ndi umodzi, n'kudzawayanika pa dzuwa kuti aliyense aone.

Dzuwa litapendeka pang'ono kuchoka paliwombo, amayi anaimirira. Anavula nsapato zawo zapulasitiki n'kuziika mu dengu, anamanga chitenje molimba m'chiuno, kenaka anagwada pamaso pa bambo n'kuyamba kuwapinda buluku, mwendo wabwino kenaka wakufa uja. Bambo sanakane. Amayi anaitana achimwene, ndipo awiriwo anawadzutsa, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kuyamba kutsetsereka nawo ku madzi, phazi lakumanzere likukhwekhwereza mzere pa mchenga. Atafika pamene madzi ankawafika m'mawondo, amayi anaima. Nkhope yawo inali itauma gwa.

Pafupi pomwepo panali msodzi wina wachikulire, atakhala pa bwato lake akusoka ukonde. Anali akuwaonerera kuchokera pamene ananyamuka. Anaika ukondewo pansi n'kunena modekha kuti, "Mayi, musalekeze pamenepo. Pitani nawo mpaka madzi awafike m'chifuwa. Pansi pake m'posalala, palibe dzenje. Madziwa amanyamula munthu." Ananena zimenezi akulowa yekha m'madzimo n'kumayenda chapambali pawo, osawagwira.

Amayi anga, amene moyo wawo wonse sanalolepo nyanja kuwanyowetsa chidendene, anapitirira. Madzi anawafika m'ntchafu, kenaka m'chiuno, chitenje chikufufuma mowazungulira. Ine ndi Tadala tinkawatsatira kumbuyo, ndipo ndinkaona milomo ya amayi ikugwedera, sindikudziwa ngati kunali kupemphera kapena mantha chabe. Madzi atafika m'chifuwa mwa bambo, msodzi uja anauza achimwene kuti awasiye pang'onopang'ono. Achimwene anayang'ana amayi, amayi anagwedeza mutu, ndipo achimwene anachotsa manja. Bambo sanagwe. Anaima, dzanja limodzi lili paphewa pa amayi, thupi lawo likuyendayenda pang'ono ndi mafunde. Kenaka ndinawaona akuyang'ana pansi m'madzi oyera aja, akuluma mano, ndipo mwendo umene unawakana miyezi yonseyi unanyamuka n'kutera patsogolo. Anaponya wabwino uja. Anakokanso wakufawo. Anayenda masitepe mwina asanu, ndipo pamenepo anaseka, kuseka kokhota kotulukira mbali imodzi ya kamwa, kumene tinali tisanakumve chigwereni pa mpando paja.

"Nabanda," anatero, "mwanyowetsatu chitenje cha ku tchalitchi."

"Tayendani inu, zachitenje zisiyeni."

Asanatseke pakamwa funde linawamenya amayi kumaso. Anamwa madzi, anatsokomola, ananyoza nyanjayo ndi amene anaitulukira, koma phewa lawo silinasunthe pansi pa dzanja la bambo. Anakhala m'madzimo nthawi yaitali, akupita uku ndi kubwerera, mpaka zala za amayi zinachita makwinya. Atatuluka bambo anadya mazira awiri ndi mpunga wamchenga uja mbale yonse, n'kutuma achimwene kukapatsa msodzi uja chigumu.

Sindinganame kuti nyanja inawachiritsa. Tinabwerera zovala zili zonyowa, ndipo onse awiri, bambo ndi amayi, anagona sabata yathunthu ndi chimfine. Mwendo uja pamtunda unali wolemera ngati kale. Koma chimfinecho chitatha bambo anandituma kuti ndiwatengere ndodo kuseri kwa chitseko, ndipo mmene mvula yoyamba inkagwa n'kuti akukhala pakhonde, akuyankha moni wa odutsa ndi mawu awo olemerawo, wosamva azifunsanso. Kupalasa makina sanathenso, koma anaphunzitsa achimwene kudula ndi kusoka, iwo atakhala pambali akuloza ndi chala ndi kudzudzula mzere uliwonse wokhota. Anakhala nafe zaka zina zisanu ndi ziwiri. Kunyanja sitinapitenso tonse pamodzi.

Mpaka lero tikakumana atatufe sitigwirizana za tsiku limenelo. Achimwene amati silinali tsiku labwino ngakhale pang'ono. Chimene amakumbukira ndi mmene bambo anapepukira kumsana kwawo, ngati mtolo wa mapesi, ndipo amati kupepuka kumeneko kunawawawa kuposa mawu a mayi wamagalasi uja. Tadala, amene anali wamng'ono, amangokumbukira kuti tsiku limenelo palibe anamukalipira chifukwa cholowa kwakuya. Ine ndili pakati. Tsopano ndili ndi ana anga awiri ku Lilongwe, ndipo akandivutitsa kuti tipite ku Salima ndine amene ndimadzuka mbandakucha kukazinga nkhuku, ndine amene ndimapukuta masanzi m'galimoto, ndine amene ndimabwerako mutu ukuwawa. Ndinazindikira mochedwa kuti paulendo wotere chisangalalo sichigawidwa mofanana. Ana akamaseka m'madzi, pamakhala munthu wina amene wasenza kusekako pamutu kuchokera kunyumba, ndipo nthawi zambiri munthuyo sathokozedwa chifukwa nkhope yake imakhala yosasangalatsa kuiyang'ana.

Amayi akadali ku Chitala, tsitsi lonse layera, mawondo akuwavuta. Mwezi wathawu ndinapita kukawaona, ndipo tikusenda mtedza pakhonde ndinawafunsa funso limene ndinalisunga zaka zambiri, ngati pa maulendo onse aja panali ngakhale umodzi umene iwo anasangalala nawo. Anaganiza ndithu, zala zikupitiriza kuswa makoko.

"Ngakhale umodzi," anatero. "Dzuwa, mchenga, phokoso. Sindidziwa chimene anthu mumakondako."

Ndinangoti chabwino, n'kupitiriza kusenda. Patapita kanthawi anakankhira lichero kwa ine osandiyang'ana.

"Koma mukamapita ndi adzukulu angawo, mudzadzere kuno. Iwe sutha kuyang'anira ana awiri wekha."