Uwauze Atate Ako

Chaka chimene amuna anga anasankhidwa kupita ku yunivesite, mwana wathu wamkazi anali asanayambe kuyenda. Uthenga unabwera pafoni tili kumunda, tikuunga mizere mvula isanagwe. Anawerenga, nakhala pansi pamzere, kenaka anayamba kuseka okha. Anati awatenga kuti akaphunzire uphunzitsi wa kusekondale, zaka zinayi. Chimalizireni Fomu 4 anali atayesa kangapo osatheka, mpaka anthu analeka kuwafunsa.

Ine ndinalekeza Sitandade 6. Ndinangoti, "Zikomo," ngati andipatsa madzi akumwa, n'kupitiriza kulima. Khasu linkangogwera pambali.

Kwathu kuno kumapiri a ku Lobi amuna anga ndi mkamwini. Anabwera kudzakhala pamudzi pathu, nyumba yathu ili kuseri kwa nkhokwe ya amayi, ndipo munda umene timalima ndi wa amayi. Atate anamwalira kalekale, choncho dzanja lachimuna pakhomo linali la amuna anga lokha. Tsono mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina amapatuka. Mawu onse a pakati pawo ankadzera mwa ine, munthu amene ngakhale ku limana, kagulu kathu ka mapemphero, ndimakhala kumbuyo kuopa kuti angandiloze kuti nditsogolere pemphero.

"Pita ukawauze amayi," anatero amuna anga titafika kunyumba.

Ndinawapeza amayi akusankha mbewu ya nyemba m'lichero. Anamvetsera osadzutsa mutu.

"Zaka zinayi? Mwanayu adzakhala atayamba kutunga madzi. Kawafunse, mvula ikagwa mbatata adzabzala ndani?"

Ndinabwerera nawo mawuwo. Amuna anga anayankha kuti kumakhala tchuthi, azidzabwera kudzapalira. Kenaka anaiwala za mbatata n'kuyamba kundifotokozera za kumeneko, maso ali gwa kumwamba. Anati kuli ophunzira zaulimi, ena zamalamulo, ena unamwino. Kuli nyumba yaikulu ya mabuku okhaokha, munthu umalowa m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka. Chakumapeto ophunzira amawatumiza kukayeserera kuphunzitsa, ndipo mwina iwo angadzapemphe sukulu ya kufupi kuno. Anatinso kuli atsikana amene amaimirira m'kalasi n'kutsutsana ndi aphunzitsi m'Chingerezi. Izi ananena mosaganizira kanthu, akusenda nzimbe. Koma mwa zonse zija, zimene zinandikhala ndi zomwezo.

Amayi nditawauza za tchuthi anaseka pang'ono.

"Mkamwini wa anzathu kutsidyaku anapita kukaphunzira ukalipentala. Nayenso anati kuli tchuthi. Pano mipando akukhomera mkazi wina."

Mawu amenewa sindinawafikitse. Ndinangoti amayi akuganizabe.

Masiku amenewo ndinkayenda pakati pa nyumba ziwirizi mpaka kanjira kanayera. Uyu anene, ndinyamule; uyo ayankhe, ndinyamule. Panalibe amene anandifunsa kuti iwe ukuti bwanji, ndipo akanandifunsa sindikudziwa ngati pakamwa pakanatseguka. Ndinkafuna apite, chifukwa ndinawaona mmene anasekera pamzere paja. Ndinkaopanso kuti akapita sadzabwera, kapena adzabwera thupi lokha, mtima utatsala komweko. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Ndinkatsikira kudimba, n'kuima pakati pa kabichi osakumbuka chimene ndadzera. Mwana kumbuyo ankangolira, ngati akumva zimene zinali m'chifuwa mwanga.

Tsiku lonyamuka litayandikira, kunacha ndi chifunga. Amuna anga anali pakhomo akusoka lamba wa chikwama. Ndinangoona amayi atulukira pankhokwe, chinthu chimene sankachita iwo akakhalapo. Amuna anga anatembenuka msanga n'kuyang'ana kukhoma. Amayi anandimasula mwana kumbuyo, nakhala pamtondo wovundikira, atawapatsa msana amuna anga. Anamuika mwana pamiyendo n'kuyamba kuyankhula naye.

"Iwe kamwana, uwauze atate ako kuti ine sindiletsa munthu sukulu. Koma uwafunse, khasu lawo apita nalo?"

Kwathu mkamwini akachoka ndi khasu lake ndi bulangete lake, aliyense amadziwa kuti banja latha, ngakhale ankhoswe asanakhale pansi.

Amuna anga anayankha akuyang'anabe khoma. "Uwauze agogo ako kuti ku yunivesite kulibe mizere. Khasu likhala. Bulangete lokha ndipempha, akuti kumeneko kumazizira."

"Kuzizira kuposa kuno? Uwauze asamanamize mwana. Bulangete atenge langa lija lofiira. Lawo litsale pamphasa pomwepo."

Mwana anali kalikiliki kukoka kolona ya amayi, osadziwa kuti wasenza nkhani. Ine ndinaganiza kuti zatha, ndinayamba kutola tsache. Koma amayi anapitiriza.

"Nanga amako? Akhala akuzungulira pano ngati nkhuku yofuna poikira. Tawafunsa, ali ndi mawu?"

Ndinagwada pafupi ndi mwana, n'kugwira kaphazi kake kozizira. Ndinapeza kuti ukamayang'ana mwana, mawu amatuluka.

"Uwauze atate ako apite," ndinatero. "Koma akakapeza wina wodziwa kuyankha m'kalasi, adzanene okha, ndisadzamvere kuchigayo. Ndipo poti akukaphunzira kuphunzitsa, akamabwera aziyambira pa ine. Ndinalekeza pa Sitandade 6, osati chifukwa mutu unakana."

Kenaka amuna anga anaiwala mwambo, natembenuka kundiyang'ana. Amayi anadziphimba kumaso ndi nsalu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Uwauze atate ako abwerere kukhoma, ndikadali pano."

Anabwerera kukhoma. Ali komweko anati, "Uwauze amako kuti ndamva zonse ziwiri."

Ananyamuka pa njinga yakabaza mpaka kumsewu wa tala, bulangete lofiira atalimanga pamwamba pa chikwama. Mbatata tinabzala ine ndi amayi, mizere ina tinaisiya. Pa tchuthi choyamba anabwera, natenga khasu lawo pamene analisiya, ndipo masana tikaweruka ankandikhazika pakhonde n'kumandiwerengetsa. Ndimachedwa, koma ndikupita.

Zaka zinayi zija sizinathebe. Njinga ikamveka kumtunda ndimatulukabe ndi manja onyowa, ngakhale ndikudziwa kuti si nyengo yake. Akaimba foni n'kutchula mnzawo wa m'kalasi, ndimamvetsera ngati dzinalo ndi la mwamuna kapena la mkazi. Tsiku lina ataimba, ndinali ndi funso la nkhani yomweyi limene linkandilemera, ndipo ndinamupatsa mwana foni n'kunena kuti, "Uwafunse atate ako." Koma mwanayo tsopano amayankhula. Anandibwezera foniyo nati, "Nenani nokha, amama," n'kuthamangira anapiye.

Ndinaiika kukhutu. Kenaka ndinafunsa ndekha.