Bulangete Lofiira la a Nasibeko

Mpaka lero fungo la bulangete latsopano limandinyansa. Ndikalowa m'sitolo n'kumva kafungo kaja ka pulasitiki ndi mankhwala othamangitsa njenjete, ndimatuluka osagula kanthu. Ana anga amati ndi matenda. Si matenda ayi. Ndi Lirangwe, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 3.

Tinkakhala kuseri kwa msika, m'nyumba yanjerwa yamalata, ya zipinda zitatu. Bambo ankanyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka ndipo ankabwera Loweruka lokha, atatenga buledi ndi nkhani za apaulendo. Mayi ankagulitsa tomato, komanso anali mlembi wa gulu la amayi akutchalitchi kwathu. Chaka chimenecho gululi linachita chinthu chabwino, ndisaname. Linapempha shedi yakale yosungiramo chimanga kuti anthu ogona m'makonde a magolosale azigonamo. Amayiwo anayala mphasa, anatseka mazenera ndi makatoni, ndipo m'mawa uliwonse awiri a iwo ankaphika phala lamgaiwa pakhomo pa shediyo.

Munkagona anthu anayi, amuna atatu ndi mayi mmodzi, a Nasibeko. Amuna awo atamwalira, achibale a mwamunayo anawathamangitsa pamudzi, ndipo kumene anabadwira kunalibe wotsala woti awalandire. Pamwendo anali ndi chilonda chosapola chomwe ankamanga ndi kansanza ka chitenje, ndipo ntchentche zinkawalondola kulikonse. Pakamwa pawo panalibe chotsekera. Ankatukwana mbuzi, makondakitala a minibasi, ngakhale mphepo. Koma ine ndikamadutsa popita kusukulu ankandisungira bwemba m'kapepala ka shuga. Ndege ikamveka m'mwamba ankaloza ndi ndodo yawo. "Tiyamike, abambo ako akonzeke, masutikesi awo akubwera awo."

Mu Juni kunabwera kalata yoti alendo akunja amva za shedi yathu ndipo akubwera ndi mabulangete. Bambo anatsimikiza kuti mabelo awaona ndi maso awo ku Chileka. Lirangwe yense anatekeseka. Kwathu mlendo saona zonyansa. Akamabwera timasesa mpaka kumsewu, timabisa poto wobooka, mbuzi timamangirira kuseri, mwana wamamina timamulowetsa m'nyumba. Amayi aja anasesa, anazira pansi, anapaka laimu miyala yonse yozungulira shedi, anayeserera nyimbo masana atatu. Atamaliza anakhala pansi pa mthethe, ine ndili pambali pa mayi ndikusenda nzimbe, ndipo a tcheya a gululo, Mayi Likaya, anayankhula.

"Azimayi, tiuzane zoona. Anthu achoke kutali konseko kudzanunkhiza mwendo wa a Nasibeko? Akakanena kwawo kuti ku Lirangwe kuli anthu otani? Tichita manyazi ife."

Palibe anatsutsa. Mayi anga anawerama n'kumalemba m'kope lawo.

Tsiku la alendo, m'mawa, anthu anayi aja anapatsidwa poto wa phala ndi mbatata zophika. Anauzidwa kuti m'shedi mupoperedwa mankhwala a nsikidzi, choncho akakhale kumtsinje mpaka madzulo. M'malo mwawo munalowa amalume awo a Mayi Likaya, gogo wina wa m'kwaya, mtsikana wina wakhanda kumsana, ndi ana atatu. A tcheya ankafuna anthu osauka koma aukhondo, mawu awo anali amenewo. Mmodzi mwa anawo ndinali ine. Mayi anatulutsa diresi langa long'ambika lomwe ankafuna kulisandutsa chokolopera, ndipo anandiletsa kudzola mafuta kuti miyendo ikhale mbuu. Anandiphunzitsa yankho mpaka ndinaliloweza: ndimagona pakhonde la golosale, bambo anamwalira. Bambo amenewo anali amoyo ku Chileka, mwinanso ndi omwe ananyamula masutikesi a alendowo.

Galimoto yoyera inafika dzuwa lili pamutu. Amayi anavina, fumbi linakwera, nthungululu zinamveka mpaka kudepoti. Munatsika azungu atatu ndi bambo wina wa tayi wochokera ku Blantyre, womasulira. M'shedi munkanunkhira sopo ndi laimu. Mzungu wamkazi wa magalasi anagwada patsogolo panga n'kufunsa kumene ndimagona. Ndinayankha mosajejema, mokweza ngati pa asembule. Mayiyo analira misozi yeniyeni. Anang'amba pulasitiki, anatulutsa bulangete lofiira, lokhuthala, la ubweya wofewa, n'kundifunditsa yekha. Kamera inathwanima. Ndinamva kukoma, ndisabise, ndinaona kuti ndakhoza mayeso.

Fungo la chilonda ndilo linayamba kufika. Kenako pakhomo panaima a Nasibeko, akutsimphina, atafunda thumba la feteleza. Kumtsinje kunali mphepo, ndipo anamva nyimbo. Nthungululu zinazima. Mayi Likaya anaseka kaseko kopanda mano n'kuuza womasulira uja kuti amenewa mutu suyenda bwino, amangoyendayenda mumsika. Mayi anga anadzuka n'kuwagwira mkono kuti awatulutse. Ndinkayembekeza kuti atukwana monga mwa masiku onse, koma ayi. Anayang'ana mphasa yawo pomwe panakhala amalume a a tcheya, kenako anayang'ana ine ndi bulangete langa.

"Tiyamike, nyumba yanu yagwa liti, mwanawe?"

Bambo wa tayi sanamasulire zimenezo. Amayi anayambitsanso nyimbo, mokweza kuposa poyamba.

Alendo atapita, mabulangete anapita kunyumba za amene anawalandira. A tcheya anati azungu akhoza kubweranso, ndipo adzafuna kuona aliyense ali ndi lake monga pachithunzi. Amuna atatu aja anabwerera m'shedi madzulo n'kugona pamphasa zawo zomwe zija, opanda chofunda chatsopano. A Nasibeko anakana. Anati m'menemo ndi mwa anthu aukhondo, ndipo anakayala matumba awo pakhonde la butchala, pomwe agalu ankanyambita magazi ouma.

Kenako kunagwa chiperoni. Kwa mlungu wathunthu dzuwa silinaoneke, kamvula kowaza kankalowa mpaka m'mafupa, ogulitsa mumsika ankaotha makatoni. Chifuwa cha a Nasibeko chinkamveka mpaka pabenchi ya tomato ya mayi. Ndikamadutsa ndinkazungulira kuseri kwa chigayo kuti asandione, ndipo bwemba sindinadyenso. Mayi anasiya kuimba akamatsuka mbale. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atapinda bulangete lija bwinobwino pampando.

"Tenga ichi ukawapatse a Nasibeko."

Ndinadzigwetsa pansi. Ndinalira, ndinagubuduka, ndinakuwa kuti ndi langa, anandipatsa azungu, ndinayankha bwino ine. Mayi anga anali munthu woti mbama sinkachedwa, ankandimenya pa zinthu zochepa ngati kutaya mchere. Tsiku limenelo sanandikhudze. Anabweza bulangete pabedi panga n'kunena kuti, "Chabwino, mawa." Iwo eni ake akanatha kulinyamula, butchala inali pafupi kuposa mjigo. Sanapite. Ndikuganiza kuti kulira kwanga kunawapeputsa, chifukwa maso a a Nasibeko ankawaopa kuposa mmene ndinkawaopera ine.

Mawa lake linali tsiku la msika, mayi anatanganidwa. Mkuja wake kunali maliro kwa Kuntaja. Lachisanu anyamata a kabaza anawakweza a Nasibeko panjinga, wina akupalasa wina akuwagwirira, kupita nawo kuchipatala. Sanabwereko amoyo. Popeza panalibe wachibale, gulu la amayi lomwe lija ndilo linayendetsa maliro. Anasambitsa thupi, mwendo womwewo anaugwira ndi manja awo, ndipo Mayi Likaya analankhula pamanda kuti malemuwa anali mayi wa tonse. Anthu anavomera ndi mitu. Zimenezi ndinachita kumva pambuyo pake.

Nditabwera kuchokera kusukulu tsiku la malirolo, bulangete panalibe pabedi. Ndinafufuza pansi pa bedi, m'dengu la zovala, pachingwe panja. Mayi anali khale pakhonde, akadali mu yunifolomu ya gulu, mapazi ali fumbi lakumanda. Anandiuza osandiyang'ana kuti analikulungira a Nasibeko m'bokosi. Ndinawanyanyalira mlungu wonse, ndipo bambo atabwera Loweruka ndinawanenera kuti mayi andibera.

Nthawi imeneyo ndinkaona kuti wolakwiridwa ndine: ndinaloweza yankho, ndinayankha bwino, mphoto yanga n'kukwiriridwa m'dothi. Ndinatenga zaka kuti ndione kuti tsiku lija tinasesa anthu pamodzi ndi zinyalala, ndipo ine, ndi miyendo yanga ya mbuu, ndinali laimu wopaka pamwamba. Kwinakwake kunja, mwina chithunzi changa chikadali pakhoma, mwana wamasiye wa ku Lirangwe amene anathandizidwa. Bulangetelo linafikadi kwa mwini wake. Tinangodikira kaye kuti asiye kumva kuzizira.