Njinga Yosachoka Pamalo Amodzi

Khungu la kunsonga za zala zake linauma ndi kung'ambika ngati la chidendene, moti kasingano kanalowa koma magazi osatuluka. Sopo ndi madzi otentha zinalipha kalekale. Wofufuza, mtsikana wa magalasi amene onse ankamutcha adokotala ngakhale anali akuphunzirabe, anayesa chala china, kenako anagonja n'kukabaya kunsi kwa khutu.

Make mapasa, monga amamuitanira kwawo ndi kuntchito komwe, amachapa panyumba ina yogona alendo. Makina ochapira anafa chaka chatha, ndipo zingwe zoyanikira zili pamwamba penipeni pa nyumbayo. Nsalu zapabedi zikanyowa zimalemera ngati mwana wogona. Iye amakwera nazo masitepe m'beseni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kunyumba kumamudikira apongozi ake amene anafa ziwalo mbali imodzi, ofunika kuwadzutsa, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Bambo a kunyumba amayendetsa lole ya maulendo aatali. Akabwera amabwera ndi zovala zakuda.

Analowa m'kafukufukuyu atamva kwa mnzake kuti a kuyunivesite akufuna amayi amene akuyandikira kusiya kusamba, kuti aone mmene mtima ndi minofu yawo zimasinthira akamachita masewera olimbitsa thupi. Tsiku loyamba adokotala anawafotokozera kuti zambiri zodziwika pa nkhaniyi zinayezedwa pa anyamata, chifukwa matupi awo sasintha ndi mwezi ndipo sasowa pabwalo la masewera. Amayi ankangopatsidwa malangizo omwewo atachepetsedwa pang'ono, ngati buluku la bambo lodulidwa miyendo kuti avale mwana.

Chipinda cha kafukufukuyo chinali kuseri kwa bwalo la masewera: njinga zinayi zokhomeredwa pansi, fani yolira, ndi chophimba pakamwa cha labala cholumikizidwa ku kompyuta. Make mapasa anachikonda chipindacho kuposa mmene akanavomerera. Mmenemo munthu ankamutungira madzi, n'kumufunsa mmene wagonera, n'kudikira yankho. Ndi mmenemonso mmene anamva koyamba kuti kutentha kumene kunkamuwira m'thupi mwadzidzidzi si matenda. Kuti asaphonye, anasinthana masiku ndi wochapa mnzake, n'kutenga Loweruka, tsiku limene alendo amadetsa kwambiri.

"Make mapasa, chepetsani liwiro, mukutichititsa manyazi," anatero aphunzitsi a panjinga yoyandikana naye, akupuma mwawefuwefu. "Mukuthamangira mwamuna wa ndani?"

"Wanu yemweyo, aphunzitsi. Ndamva kuti amadzichapira yekha masokosi."

Koma kafukufuku ali ndi malamulo ake. Asanayezedwe, aliyense ankayenera kukhala masiku awiri osagwira ntchito yolemetsa, kuti thupi libwerere m'malo mwake. Aphunzitsi ankasiyira wantchito. Mayi wina wa kubanki ankagona pasofa. Make mapasa akafunsidwa ankangoti, "Ndayesetsa." Anzakewo mphamvu zinkakwera, zake zinkatsika, ndipo mtima wake atangokhala unkagunda ngati wa munthu amene wathamangira basi.

Aprofesa oyang'anira kafukufukuyo anati achotsedwe. Sananene mwankhanza, ndipo sanalakwe: panalibe njira yosiyanitsira zimene njinga yachita ndi zimene masitepe achita. Chimene sanachiganizire n'chakuti lamulo lotere likatsatidwa mpaka kumapeto, kafukufuku wa matupi a amayi amasanduka kafukufuku wa amayi okhala ndi wowachapira. Thupi lotopa limasokoneza manambala, choncho limachotsedwa, ndipo mabuku amadzalemba za amayi ngati kuti otopa kulibe.

Udindo womuuza unagwera adokotala. Anadikira kuti ena atuluke, n'kuzimitsa fani.

"Mayi, ndakuchondererani kwa aprofesa. Akuti mukhoza kupitiriza ngati sabata yamawa mupumula masiku awiri enieni. Osachapa, osanyamula munthu."

"Nanga apongozi?"

"Palibe mlamu wanu amene angawasamale?"

"Alipo. Amawasamala kwambiri pafoni."

Adokotala anamwetulira pang'ono, koma sizinakhalitse. "Kuntchito tikhoza kuwapempha ife."

"Mukawapempha adzavomera bwinobwino, adzakupatsaninso mpando. Ine ndikadzabwerera ndidzapeza beseni langa lili m'manja mwa wina."

Make mapasa anamasula lamba woyezera mtima amene anali pachifuwa pake, n'kumupukuta thukuta mbali zonse ziwiri asanamupereke. Thaulo limene anamupatsa analipinda ngodya ndi ngodya, mmene amapindira za alendo. Sanakwiye. Ankaoneka ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yomaliza yadzaza, ndipo wayamba kale kuganiza za mtunda woyenda pansi. Anangopempha adokotala kuti akawauze aphunzitsi aja kuti wasintha shifiti, asamve kuti walephera.

Adokotala anaika lambayo m'bokosi. Funso limene anafunsa pambuyo pake silinali la kafukufuku, ndipo analifunsa motsitsa mawu, akuyang'ana mapazi otupa a mayiyo akulowa movutikira m'nsapato za pulasitiki.

"Kodi mayi, munakhalapo liti masiku awiri osanyamula kanthu?"

Make mapasa anaganiza ndithu, chifukwa sanafune kunama.

"Nditabereka mapasa," anatero. "Anandichita opaleshoni, ndiye anandikaniza kudzuka."