Nkhata Yoyamba pa Manda a Besa

Mukafika pamsika wa Chelstone n'kufunsa wolemba mapulogalamu a maliro, aliyense akulozerani kashopu ka ba Martina Chipasha. Akhala pa kompyuta yomweyo zaka khumi ndi zisanu, kulemba mbiri za anthu amene sanawaonepo ali moyo. Koma pakamwa, abale! Mayiwa sasunga mawu m'masaya. Banja likabwera ndi mndandanda wa oika nkhata zamaluwa pamanda, amauwerenga ngati akuweruza mlandu.

"Nanga mkazi wa ku Avondale uja ali kuti apa? Ana ake atatu anagwa kumwamba?"

Mndandandawo si masewera. Woyamba kuitanidwa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, kenako ana, makolo, abale, ndipo anzake amabwera kumapeto dzuwa litawotcha kale anthu. Ba Martina kubisa munthu papepala limenelo kunkawanyansa.

Ndiye chaka chatha anamwalira Besa, mlongo wawo yekhayo.

Besa sanakwatire. Ankakhala m'mafulati a ku Kabwata ndi mwamuna mnzake, ba Thandazani, mphunzitsi wa pulayimale, ndipo achibale ankati ndi mnzake wothandizana naye nyumba. Ha, kuthandizana nyumba zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri! Ba Martina anadziwa kalekale. Tsiku lina atapita kukacheza anapeza chipinda chachiwiri chadzaza mabuku ndi njinga, bedi mulibe. Besa anangoti, "Ba sisi, mwaona. Zithele pompano." Ba Martina analira, anapemphera, anakwiya mwezi wathunthu, kenako anabwereranso kukacheza, poti mlongo sataya. Impso za Besa zitayamba kuvuta, amene ankamusambitsa ndi kumutembenuza kuchipatala miyezi inayi anali ba Thandazani. Achibale ankabwera Lamlungu ndi nthochi, n'kumapita.

Pa pulogalamu ya Besa mzere woyamba unalibe mwini: mkazi palibe, ana palibe, makolo anatsogola kale. Ba Martina sanachedwe. Analemba dzina la ba Thandazani pamwamba, anasindikiza pepala limodzi, n'kukwera minibasi kupita kunyumba ya maliro ku Chunga, kwa amalume awo. Ba Thandazani anawapeza kuseri kwa tenti ya azibambo akuwaza nkhuni ngati waganyu.

Ba Thandazani anawerenga pepalalo, nalipinda.

"Chotsani, ba Martina."

"Nichotse? Munamusambitsa ndimwe! Amene analipo pomwe anatsilizika ndimwe!"

"Mawa kumanda kudzakhala ba dikoni, ba hedi wanga, na makolo a ana amene nimaphunzitsa. Wina adzajambula pa foni. Imwe mudzalila, mudzabwelela kumsika. Ine Lolemba nidzaima pamaso pa ana makumi asanu, ngati apolisi sanayambe kunipeza."

"Ndiye muitanidwe kumapeto, pamodzi na anzake a mpila?"

"Besa wapumula, ba Martina. Ine nikali moyo."

Mayiwo anachoka atapsa mtima, ndipo kondakitala wa minibasi analandira mawu amene sanali ake. Koma pofika mutauni ukali unasanduka manyazi. Anadzifunsa kuti dzinalo analiika pamwamba chifukwa cha ndani. Mwina cha ba Thandazani, inde. Koma ankafunanso kuchititsa manyazi achibale a nthochi aja, kuti anthu adzati Martina saopa munthu. Iwo akanatamandidwa kulimba mtima, wina n'kuchotsedwa ntchito. Nkhaniyo inali ya anthu awiri, ndipo wotsalayo anali atakana. Zinawawawa kwambiri, koma anafufuta dzinalo n'kulemba lawo.

Mawa lake kumanda dothi litaunjikidwa, wolengeza anakweza mawu: "Nkhata yoyamba, mlongo wa malemu."

Ba Martina anayenda mapazi atatu, n'kugwa. Ngati kunali kuchita dala kapena chisoni chenicheni, ngakhale eni ake sadziwa. Azimayi awiri a kutchalitchi anawagwira monga mwa mwambo, koma thupi la ba Martina si la azimayi awiri.

"Niitanileni ba tichala aja, ali na mphamvu!"

Anayang'ana ba Thandazani pakati pa khamulo osawakodola. Akanafuna, ba Thandazani akanangoyang'ana pansi, wina n'kubwera. Anaima kanthawi, kenako anadutsa pakati pa anthu n'kuwagwira mkono.

Atafika pamtumbira ba Martina anati, "Manja anga akunjenjemela. Niikileni."

Ba Thandazani anagwada, naika nkhatayo kumutu, n'kumasalaza dothi ndi chikhatho pang'onopang'ono. Anthu kumbuyo ankanong'onezana kuti chisoni chawafoola mayiwa, ndipo palibe amene anaganiza zina.

Pobwerera, ba Martina anatsamira paphewa lawo n'kunena motsitsa kuti asamve wina aliyense:

"Pepani, ba mulamu."

Masiku anayi onse a maliro, ba Thandazani anatunga madzi, anasenza mabenchi, ananyamula bokosi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawapepesa. Kulira mokweza sakanatha, poti mnzake wothandizana naye nyumba salira choncho. Anangofinya dzanja la ba Martina mpaka linawawa, anawakhazika pampando, n'kubwerera kumbuyo kwa khamu.