Amuna Kwaokha, Akazi Kwaokha

Linali Loweruka, ndipo ntchito inathera masana. M'mawa ndinali nditachapa malaya oyera a abambo, aja a kutchalitchi, chifukwa anati alendo a ku yunivesite asawaone atavala nsanza. Anawavala asanaumitsitse. Kolala inali ikadali yonyowa.

Tinkakhala pa komboni ya pulazi ya fodya, kufupi ndi Raffingora, kumpoto kwa Harare. Agogo anachokera ku Dedza wapansi, koma abambo ndi ine tonse tinabadwira pa pulazi pomwepo. Abambo ankasonkhezera moto m'mabani oumitsira fodya mpaka utsi unawadya maso. Pamene ine ndinkakula n'kukhala namwali, iwo ankangosiyanitsa usana ndi usiku basi.

Maso awo ndinali ine. Ankaika dzanja paphewa langa lamanja, ine patsogolo pang'ono. Ndikati "mwala," ankakweza phazi. Ndikati "ngalande," ankatambasula mwendo. Madiresi anga onse ankayambira kutha paphewa limenelo.

Alendowo anali atabwera kale kangapo. Mkulu wawo anali bambo wovala magalasi, ndipo pa komboni tinkangomutcha Magalasi. Ankayenda ndi atsikana awiri ophunzira kwa iye. Ankati akufufuza za moyo wa anthu ogwira ntchito m'mapulazi. Ankalowa m'nyumba zathu n'kumafunsa kuti timadya kangati, tili ndi zitupa kapena ayi, kwathu kwenikweni n'kuti. Tsiku lina anatijambulitsa komboni yathu pansi ndi phulusa, iwo n'kumatiwombera m'manja ngati makanda amene ayamba kuyenda. Madzi ankamwa awoawo, a m'mabotolo.

Inu amene munabadwa pambuyo pake, dziwani kuti imeneyo inali nyengo yolanda mapulazi. Mapulazi oyandikana nafe anali atalowedwa kale. Anyamata a nkhwangwa ankabwera pa lole, ndipo chimene ankadana nacho kwambiri chinkadziwika: amuna a pa komboni kusonkhana ndi anthu a m'tauni. Kwa iwo msonkhano uliwonse unali wa chipani chotsutsa boma. Ngakhale mwana wa kukireshi ankadziwa zimenezi. A foromani anamuuza Magalasi. Iye anayankha kuti kafukufuku wake si wa ndale.

Loweruka limenelo anabwera ndi njira yatsopano. Anati tikambirana m'magulu. Amuna kwaokha, mu holo ya mowa. Amayi kwaokha, ku tchalitchi. Atsikana kwaokha, kukireshi, kumapeto kwenikweni kwa komboni. Anafotokoza pang'onopang'ono, kuti mitu yathu ya kupulazi imve, kuti mkazi samasuka pamaso pa mwamuna, ndiponso bambo sanena zoona mwana wake ali pomwepo. Anati zimenezi zili m'mabuku.

Ndinawafikitsa abambo pakhomo la holo. Magalasi anatchinga khomolo ndi mkono, akumwetulira.

"Musikana, iwe gulu lako lili uko."

Ndinamuuza kuti abambo saona.

"Kulankhula sikufuna maso," anatero. Chichewa chake chinali chophunzira, chosakaniza ndi Chishona. "Ndiwakhazika ndine, ndidzawabweza kwa iwe ndine. Baba, pamene ndikukhazikenipo musachoke mpaka nditakutengani."

Ananyamula dzanja la abambo paphewa panga n'kuliika pamkono pake. Abambo anaseka. Anali osangalala, chifukwa chibadwire munthu wophunzira anali asanawafunsepo maganizo awo.

"Pita mwanawe," anatero, "nawe ukanene zako."

Ndinaona mkati chitseko chisanatsekedwe. Mabenchi anawaika mozungulira. Pakati panali kreti ya mowa yovundikira, ndipo pamwamba pake panali kawailesi kojambulira mawu. Abambo anawakhazika pafupi ndi kawailesiko, kutali ndi khomo, chifukwa ankalankhula motsitsa. Kenako Magalasi anatseka n'kuika mpiringidzo, kuti zokambidwazo zikhale zachinsinsi. Galimoto lake loyera linali panja, poti aliyense wodutsa pamsewu alione bwinobwino.

Kukireshi tinakhala pa timipando ta ana, mawondo kufika pachifuwa. Mtsikana wa ku yunivesite anayala zithunzi pansi: cha sukulu, cha chipatala, cha mpope wa madzi. Anatigawira nyemba. Anati pamene pali vuto lalikulu tiike nyemba zambiri. Chithunzi cha lole panalibe.

Nyemba zinali m'manja mwanga pamene tinamva kuimba. Kenako injini. Kenako agalu onse a pa komboni.

Mtsikanayo anati tikhale chete, timalize kaye. Mfuti italira, woyamba kutuluka pakhomo anali iyeyo. Anaponda chithunzi cha chipatala.

Ndinathamangira kuholo. Ena onse ankathamangira kwina, ndipo ndinkawombana nawo. Pakati pa komboni anyamata athu ankaponya miyala, a pa lole akubwera ndi nkhwangwa ndi zitsulo. Denga la udzu la nyumba yoyamba linali litagwira kale moto. Pa chingwe cha a foromani zovala zinali zikadali zoyanika.

Galimoto loyera linandidutsa likulowera njira ya kumunsi. Magalasi ndiye ankayendetsa. Anali atapeza nthawi yotola atsikana ake onse awiri, wina ku tchalitchi, wina panjira ya kukireshi. Ndinasuzumira kumbuyo. Kunali zikwama ndi mabotolo a madzi, ndipo malo okhala munthu analipo. Kawailesi kanali pamiyendo pa mtsikana wa kutsogolo, atakagwira ndi manja awiri.

Kuholo sindinafike. A pa lole anali atayamba kale kuizungulira.

Amene anandigwira ndi Mayi Asiyatu, Msilamu amene ankagulitsa matemba pa komboni. Iwo sanaikidwe m'gulu lililonse chifukwa sanali antchito a pulazi, ndiye anali panja. Anandikoka diresi paphewa, pothaitha paja, n'kung'ambika. Anandigwiranso pamkono, ndipo ulendo uno sanataye.

"Mhanya! Thamanga, mwana iwe! Ukufuna amako alire awiri?"

Tinalowa m'munda wa chimanga chouma. Masamba ankacheka kumaso. Kumbuyo kwathu ankafuula kuti mabhurandaya tibwerere kwathu. Limeneli ndi dzina lotinyoza ife ochokera ku Malawi. Ine Malawi ndinali ndisanamuonepo.

Amayi anga ndinawapeza kudamu. Azimayi a ku tchalitchi anathawira kumeneko chifukwa ndiko kunali kufupi. Amayi anga anali atabereka mlongo wanga wakhanda. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana phewa langa.

Loweruka lina lililonse masana ngati amenewo tikanakhala pakhomo, aliyense ndi ake. Wothawa akanathawa atagwira mwana wake, mkazi wake, nkhalamba yake. Tsiku limenelo amuna anathawira kumabani, amayi kudamu, atsikana m'chimanga. Tinathawa monga momwe anatigawira.

Tinadikira kudamu mpaka dzuwa linapendeka. Amuna ankatulukira mmodzimmodzi. Aliyense akamasuntha tchire ndinkaimirira.

A Juliyasi, oyendetsa thirakitala, anafika magazi ali m'mutu. Iwo anali mu holo. Anakhala pansi patsogolo pa amayi, nalankhula atazolika. Anati lole litamveka, Magalasi ananyamula kawailesi kake, nauza amunawo kuti adikire, akukalankhula nawo anthuwo. Anachotsa mpiringidzo n'kutuluka. Amuna atamva galimoto likulira, anayamba kutulukira pa kawindo ka kuseri.

A Juliyasi anawagwira abambo dzanja. Abambo anakana. Anati aphunzitsi anena kuti abwera kudzawatenga, ndiponso mwana wawo akawafuna adzawafunira pamenepo. Anakhala pa benchi, manja pa mawondo, malaya awo oyera atamanga mabatani mpaka m'khosi.

A pa lole atalowa, anapeza msonkhano wa chipani wa munthu mmodzi. Anayamba kumufunsa maina a anzake. A Juliyasi anali akadali kuseri kwa khoma, ndipo anamva. Sanamalize kutiuza. Amayi sanawakakamize.

Kubwerera kunali kosatheka, utsi unali utakwera komboni yonse. Amayi anati tipite ku Mutorashanga, kumigodi, kumene kunali azakhali, alongo awo a abambo. Mayi Asiyatu anapita nafe.

Tinadzera tinjira ta ng'ombe, kupewa msewu. Tinadya matemba osaphika amene anatsalira pa chitenje cha Mayi Asiyatu, tikumwera madzi a m'khwawa. Mlongo wanga akalira amayi ankamutseka pakamwa ndi bere, ngakhale munalibe kanthu.

Panjira ndinadzimva ndikulankhula. "Mwala." "Minga." "Potsika." Amayi anandiuza kamodzi kuti ndisiye. Kachiwiri anangondileka.

Tsiku lotsatira tinaona mapiri opanda mitengo a kumigodi. Azakhali anali pampondero akutsuka mbale. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, nayang'ananso kumbuyo kwathu, kunjira. Kenako anaika mbale pansi n'kukatenga mphasa.

Patapita masiku tinamva kuti amuna amene anatsala anawaika abambo m'manda a pa komboni, kuseri kwa mabani. Ife sitinaponyeko dothi.

Magalasi anatipeza mvula itayamba. Kufufuza anthu ankakudziwa ndithu, pamenepo sindimumana. Anabwera pa galimoto lina. Anati njira yabwino ya kafukufuku ndi kutsatira anthu omwewo kuti uone mmene moyo wawo wasinthira. Anati pepani, zinthu zinachitika mofulumira. Anatinso zimene tinaonazo n'zofunika kwambiri, kuposa zija za nyemba. Anatulutsa kawailesi komwe kaja n'kukaika pa mpando wa azakhali.

Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinakhala.

Ndinamufunsa ngati mawu a abambo anawajambula. Nkhope yake inawala. Anati anawajambula, ndipo mwa amuna onse iwo ndiwo analankhula bwino koposa. Anafotokoza za ulendo wa agogo, za moto wa m'mabani, mpaka anaseketsa holo yonse. Ndinapempha kuti ndimveko. Ndinati ngakhale pang'ono chabe, ngakhale moni wokha. Ndinagwada popempha, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti mawondo anga anagunda pansi chifukwa cha munthu ameneyo.

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansalu.

"Sizingatheke, musikana. Tinawalonjeza amuna aja kuti zimene anena sadzamva mkazi kapena mwana. Lonjezo limenelo sitiphwanya."

Anandiuza kuti ndisade nkhawa. Anati dzina lenileni la abambo silidzatuluka, anawapatsa kale lina, kuti awateteze.

Anyamata a nkhwangwa ndinkawaopa, ndipo ena mwa iwo ndimakumana nawo pamsika, akalamba, alibe kanthu ngati ine ndemwe. Koma uyu sindinamuopepo. Ndimangomunyoza. Anawalonjeza abambo zinthu ziwiri Loweruka limenelo, ndipo anasankha chosunga.

Funso lake sindinayankhe ngakhale limodzi. Anadikira, nayang'ana wotchi, nanyamula kawailesi kake. Potuluka pa geti anaima n'kufunsa azakhali ngati pali mabanja ena othawa kumapulazi amene angamulozere.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka imvi. Mayi Asiyatu anayambiranso matemba awo kumigodi, ndipo ana anga amawatcha agogo. A Juliyasi anapita ku Mozambique, sitinamvenso za iwo. Mlongo wanga ndi bambo tsopano, ali ndi ana ake. Nthawi zina amandifunsa kuti abambo ankalankhula bwanji. Ndimamuuza kuti motsitsa. Kale ndinkatha kuwayeseza, koma zaka zapitapo, ndipo ndikayesa ndimangomva mawu anga.

Mawu awo enieni ali ku Harare, m'kabati, atawalembapo dzina la munthu wina. Magalasi ananditsimikizira kuti kabatiyo ndi yokhoma.